Kachipangizo Kochenjeza Ndege

Kodi munaonapo kandege kakang'ono kakuuluka? Kumwambako kulibe msewu. Woyendetsa amadalira maso ake, koma maso amaphonya.

Mu 1986, ku Cerritos ku America, kandege kotere kanawombana ndi ndege yaikulu. Anafa anthu 82. Mwa iwo, 15 anali pansi pomwe ndege yaikuluyo inagwera.

Masiku ano kuli kachipangizo kamene kamalira ndege ina ikayandikira. Nkodula ndithu. Komanso kamangomva ndege zimene zikudzilengeza pa wailesi. Ndege yosadzilengeza, kachipangizoka sikaimva ayi.

Mutakhala mwini ndege, ndalama zili zochepa, mungayambire pati? Ine ndikuti yambani mwagula chipangizo cholengezera ndege yanu, kuti anzanu adziwe pomwe muli. Ku America, kuyambira 2020, lamulo limafuna chimenechi pouluka pafupi ndi mabwalo akuluakulu a ndege.