MTHUTHUTHU WAKALE UNGATHE KUYENDANSO

Wolemba Mtolankhani Wathu

M'MIDZI yambiri ya m'Cigawo ca Kum'mawa, kuyambira ku Nyimba ndi Petauke kukafika ku Lundazi, munthu akazungulira kuseri kwa nyumba kapena pansi pa nkhokwe angapeze mthuthuthu wakale uli gone, matayala ataphwa, mpando utang'ambika, nkhuku zikuikira mazira pambali pace. Eni ace ambiri amauyesa cinthu cakufa, ndipo ena amaugulitsa pa mtengo wocepa kwa anthu ogula zitsulo zakutha pa sikelo. Komatu ina mwa mithuthuthu imeneyi ingathe kuuka ndi kugwiranso nchito zaka zambiri, ngati mwini wace adziwa poyambira ndiponso polekezera.

Nkhaniyi ndi ya ndalama. Mlimi amene wagulitsa thonje, fodya kapena nshawa angataye phindu lonse la caka pa mthuthuthu wosakonzeka, monganso angapeze cokwera codalirika copitira ku cipatala, ku cigayo ndi ku msika pa mtengo wocepera wa mthuthuthu watsopano. Kusiyana kwace kuli pa kudziwa.

MBIRI YACE

Mithuthuthu ya m'thengo, imene imakhala ndi matayala a mano ndi madigadi okwezeka, inachuka m'caka ca 1968 pamene kampani ya Yamaha ya ku Japan inatulutsa mtundu wa DT-1. M'caka ca 1973 kampani yomweyo inayamba kupanga AG100, ndipo zilembo za AG zikuimira mau a Cingerezi otanthauza ulimi. Anaupangira alimi oweta nkhosa ndi ng'ombe ku Australia, amene minda yao ndi yaikuru ndipo njira zace ndi za pfumbi ndi matope monga zathu zino. Cifukwa ca ici anauikira cotengera katundu kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo cheni yace anaitsekera m'cikombole kuti mcenga usaidye.

Maboma ndi mabungwe othandiza anthu m'maiko ambiri a mu Africa anagula mithuthuthu ya mtundu umenewu. Kuno kwathu akuluakulu amakumbukira alangizi a zamalimidwe a nthawi ya Lima, a zoweta ndi a zaumoyo akufika m'midzi pa mithuthuthu ya Honda, Yamaha ndi Suzuki, kotero kuti mpaka lero anthu ambiri amacha mthuthuthu uliwonse kuti honda. Itakalamba, ina inagulitsidwa pa okushoni, ndipo ndiyo imene yagona m'makonde mwathu.

Ubwino wa AG100 ndi wakuti injini yace ndi yosabvuta kuimvetsa. Ndi ya silinda imodzi ya 97 cc, ya mtundu wa thu-sitiroko, kutanthauza kuti imatentha oilo pamodzi ndi petulo. Inapangidwa zaka zambiri popanda kusinthidwa kwenikweni, motero zipangizo zace zimapezeka msanga kuposa za mitundu ina yakale.

MUSANATULUTSE NDALAMA

Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Penti wonyezimira asakunyengeni, ndiponso dzimbiri la pamwamba lisakuopseni. Coyamba kufunsa ndi buku la mthuthuthuwo, limene ambiri amalicha waiti buku. Manambala olembedwa m'bukumo afanane ndi amene anadindidwa pa felemu, pakhosi pamene pamazungulira mahandulo, ndiponso pa injini. Ngati manambala aoneka kuti anapalidwa kapena kudindidwa kaciwiri, musagule, ngakhale mtengo ukome bwanji, cifukwa kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu. Ngati buku linataika, funsani apolisi ndi a RTSA musanalipire ngwee ndi imodzi yomwe.

Caciwiri ndi felemu. Imani kumbuyo kwa mthuthuthu ndipo muone ngati tayala lakutsogolo ndi lakumbuyo ali pa mzere umodzi. Yang'anani ming'alu pakhosi, pansi pa mpando ndi pamene pamamangidwa injini. Felemu yopindika cifukwa ca ngozi imabvuta kuiongola, ndipo mthuthuthu wotere umakokera mbali imodzi masiku onse.

Cacitatu ndi injini. Pondani kiki pang'onopang'ono. Ngati ikutsika ndi kukana pang'ono, injini ikali ndi moyo. Ngati yauma gwa, musaiumirize ndi mphamvu. Cotsani pulagi, thirani dizilo wosakaniza ndi oilo pa cibowoco, ndipo mudikire masiku angapo. Pisitoni yogwidwa ndi dzimbiri imamasuka kawirikawiri mwa njira imeneyi. Koma ngati madzi a mvula analowa mpaka pansi pa injini ndi kuononga kirankishafuti, nchitoyo idzadya ndalama zambiri, ndipo mpofunika kuwerengera bwino.

KUPHWASULA MWA DONGOSOLO

Nchito zambiri zokonza mithuthuthu zimafera pa kuphwasula. Munthu amamasula zonse tsiku limodzi, manati ndi mabauti nkusakanizika m'pfumbi, ana nkutolako ena okapangira magalimoto a mawaya, ndipo pofika mwezi wa mawa palibe akukumbukira kuti ici cinali pati. Yalani thumba loyera pansi, tengani zitini zingapo, ndipo ciwalo ciriconse cikhale ndi citini cace colembedwa. Amene ali ndi foni yojambula ajambule asanamasule. Tsukani zitsulo ndi parafini, osati petulo, ndipo moto wa kukhichini ukhale kutali.

Mukatsegula silinda, yang'anani m'kati mwace. Silinda ya AG100 ndi ya mamilimita 52 m'mimba mwace ikakhala yatsopano. Ngati muli mizere yakuya imene cikhadabo cikukodwamo, malingi atsopano okha sangathandize. Silindayo ipite kwa amisiri a makina m'tauni kuti akaikuze, ndipo mugule pisitoni yokulirapo ndi mamilimita 0.25 kapena 0.50. Gulani pisitoni poyamba ndi kupita nayo pamodzi ndi silinda, cifukwa mmisiri amakuza bowo molingana ndi pisitoni imene ali nayo m'manja.

Pali tizinthu tiwiri tochipa timene ambiri amatiiwala, tomwe ndi masilu a mphira a mbali zonse ziwiri za kirankishafuti. Mthuthuthu ukakhala zaka osayenda mphirayo imauma ndi kung'aluka. Silu ya mbali imodzi ikatha injini imayamwa mpweya wopitirira muyeso, imatentha kwambiri, ndipo pisitoni yatsopano ija ingathe kubooka. Ya mbali inayo ikatha injini imamwa oilo wa m'magiya ndi kufuka utsi wambiri. Sinthani onse awiri. Pocotsa fulaiwilo gwiritsani nchito cokokera cace, pakuti kuimenya ndi nyundo kumapinda kirankishafuti ndi kufoola maginito.

PETULO, OILO NDI MOTO

Thanki yakale imakhala ndi dzimbiri, ndipo dzimbirilo ndilo limatseka kabureta. Ikani manati ocuruka m'thankimo pamodzi ndi parafini, gwedezani kwa nthawi yaitali, khuthulani, ndipo mubwereze mpaka parafini atuluke woyera. Werengani manatiwo polowa ndi potuluka. Thanki yobooka musaiwocherere mwacisawawa, cifukwa mpweya wa petulo umatsalira m'kati ngakhale thanki ioneke youma, ndipo umaphulika. Ikani kasefa kakang'ono pa paipi ya petulo.

Kabureta imasulidwe yonse. Timabowo ta majeti tiuziridwe ndi pampu ya njinga, osati kutokosedwa ndi singano, pakuti singano imakuza bowo ndipo mthuthuthu umayamba kumwa petulo mopitirira. Sefa ya mpweya ndi ya siponji. Ngati yafumbutuka gulani ina, inyowetseni ndi oilo ndi kufinya. Pa miseu yathu ya pfumbi, kuyenda popanda sefa imeneyi ndiko kupha injini.

Tsono tifike pa nkhani ya oilo, pamene pamafera injini zambiri. Mithuthuthu yambiri ya Yamaha ya thu-sitiroko iri ndi kathanki kapadera ka oilo ndi kapampu kochedwa Autolube, kamene kampaniyo inayamba kuika pa mithuthuthu yace m'caka ca 1964. Kapampuka kamathira kokha oilo m'injini. Kakhala nthawi yaitali osagwira nchito, m'timapaipi mwace mumalowa mpweya, ndipo mpweyawo uyenera kutulutsidwa pomasula kabauti kace mpaka oilo atuluke wopanda thobvu. Ngati kapampu kanafa kapena kanacotsedwa, oilo asakanizidwe ndi petulo m'cigubu asanalowe m'thanki: mamililita 40 pa lita imodzi, ndiko kuti mamililita 200 pa malita 5. Oiloyo akhale wolembedwa 2T. Oilo wakuda wokhuthulidwa m'galimoto kapena m'cigayo ndi poizoni kwa injini yotere. M'magiya mumalowa oilo wina, ndipo muyeso wace umalembedwa pa cibvundikiro pafupi ndi pothirira.

Moto wa pa pulagi umacokera ku magineto. Mithuthuthu yoyambirira iri ndi mapointi, amene mpata wace uyenera kukhala pakati pa mamilimita 0.3 ndi 0.4 akatseguka kotheratu, pamene yapambuyo pace iri ndi kabokosi ka CDI kosafuna kuchuna. Gonekani pulagi pa injini ndi kuponda kiki. Moto wabwino ndi wobiriwira ndipo umathetheka, wofiira ndi wofooka. Kawirikawiri colakwa cimakhala mawaya odyedwa ndi makoswe kapena kondensa yakutha. Paipi ya utsi nayonso imadzala mwaye umene umamana injini mphamvu, motero icotsedwe ndi kupalidwa.

MOYO ULI PA MAWILO

Anthu ambiri injini ikangolira amati nchito yatha, koma cimene cimasunga moyo wa wokwera ndi mawilo ndi mabuleki. Matayala okalamba amang'aluka m'mbali ngakhale mano ace akhale akali atali, ndipo ayenera kusinthidwa pamodzi ndi machubu. Gogodani masipoko ndi sipanala: olimba amalira bwino, omasuka amalira ngati mphika wosweka. Gwedezani wilo m'mbali kuti mumve ngati maberingi atha. Nsapato za mabuleki zakale zimamatuka, ndipo cikamba cikacoka cingagwire wilo mwadzidzidzi pa liwiro. Zingwe za buleki, kilachi ndi mafuta zimene zayamba kuthothoka tiwaya zisinthidwe. Cheni ndi masipuroketi zigulidwe nthawi imodzi, cifukwa cheni yatsopano pa mano akutha imatha msanga.

Penti ndi mpando zibwere potsiriza. Telala wa pa msika angasoke mpando, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo.

Injini yokonzedwa kumene isathamangitsidwe. Pa makilomita 500 oyamba yendani pang'ono, musanyamule matumba a cimanga, ndipo muzipumitsa injini kuti izizire. Pambuyo pace mangitsaninso manati onse ndi kuyang'ana pulagi. Ikakhala yofiirira ngati fodya wouma, zonse ziri bwino. Ikayera mbuu injini ikutentha kwambiri, ikada bii petulo kapena oilo wacuruka.

LAMULO NDI KUWERENGERA

Mthuthuthu usanakwere pa mseu uyenera kukhala m'dzina la mwini wace ku RTSA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi Lamulo la Pamseu la 2002. Pafunika msonkho wa pamseu, inshuwaransi, laisensi ya woyendetsa ndiponso cisoti colimba kwa woyendetsa ndi wokwera kumbuyo yemwe. Masiku ano mithuthuthu yonyamula anthu yacuruka ku Chipata, Katete ndi Petauke, ndipo ngozi zace tonse timaziona. Mutu ulibe sipeya.

Nanga kodi nkoyenera kukonza wakale pamene m'masitolo muli yatsopano yocokera ku India ndi China? Yankho liri pa pepala ndi pensulo. Lembani zonse zofunika, funsani mitengo m'masitolo awiri kapena atatu, onjezani malipiro a makanika ndi ulendo wa ku tauni. Ngati zonse pamodzi zayandikira mtengo wa mthuthuthu watsopano, usiyeni, kapena muugulitse kwa wofuna masipeya. Koma ngati buku liripo, felemu ndi yoongoka ndipo kirankishafuti ndi yabwino, musazengereze.

Ciwongolero cina ndi cakuti mwana amene wathandiza atate wace kuphwasula ndi kumanganso injini yotere amatsala ndi luso m'manja, ndipo luso limeneli likufunika m'midzi mwathu momwe makanika ali kutali. Tsono anzathu a kumidzi, nyengo ya malonda ikafika, yambani mwaucotsa pansi pa nkhokwe mthuthuthu uja, muupukute, muwerenge manambala ace ndi kuponda kiki musanaitane ogula zitsulo.