Mutu Wachisanu: Muyeso Woona wa Ukapolo wa Magemu

Munthu woyenda madzulo pa msika wa Nkhata Bay, nthawi imene amalonda a usipa ndi chinangwa ali kulongedza katundu wao, ndipo msewu wotsikira ku doko la Ilala wayamba kuchepa anthu, sangalephere kuona anyamata ataunjikana m'tizipinda ta magemu, ena atawerama pa mafoni ao, ndiponso sangalephere kumva akulu odutsa akuweruza kuti ana amenewa anatha kale, magemu anawadya mutu. Chiweruzo chotere chimandiwawa mumtima, pakuti chimagwa pa wodwala ndi wangwiro yemwe, ndipo chimaperekedwa popanda muyeso.

M'mutu uno tiona miyeso imene akatswiri anakonza, umodzi ndi umodzi. Koma tisanafike kumeneko, tiyambe tachotsa cholakwa chachikulu, ndicho kuwerenga maora. Mayi wogula usipa sakhutira poona kuti ndowa yadzaza, koma amapisa dzanja pansi, nanunkhiza, kuti adziwe ngati nsombazo zinauma bwino kapena zayamba kuola. Chomwechonso kuchuluka kwa nthawi imene mnyamata wakhala pa gemu sikutiuza za mkati mwa moyo wake. Alipo wophunzira amene pa tchuthi amasewera tsiku lathunthu, koma sukulu ikatsegulidwa amaika foni pambali, nakhoza mayeso, nathandiza atate ake kusoka ukonde. Aliponso wina amene amasewera maora awiri okha, koma maora akewo ndi a usiku woyenera kupita kunyanja, ndalama ya bandulo ndi imene anatumidwa nayo kukagula ufa wa kondowole, ndipo akafunsidwa amanama. Wowerenga maora adzatsutsa woyambayo ndi kumasula wachiwiriyo, ndipo m'menemo adzakhala ataweruza mokhota kawiri.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaika vuto la ukapolo wa magemu m'buku lake la matenda, lotchedwa ICD-11, limene maiko anavomereza m'chaka cha 2019 ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2022. Zizindikiro zake ndi zitatu, ndipo palibe ndi chimodzi chomwe chotchula maora. Choyamba, munthu alephera kudzilamulira pa kuyamba, pa kuleka, ndi pa kutalika kwa masewera. Chachiwiri, gemu ikhala patsogolo pa zonse zimene kale anazikonda ndi ntchito zake za tsiku ndi tsiku. Chachitatu, apitirizabe, kapena kuonjeza kumene, angakhale aona ndi maso ake kuti zinthu zili kuonongeka. Pamwamba pa izi payenera kuoneka chionongeko chenicheni pa banja, pa sukulu kapena pa ntchito, ndipo kawirikawiri khalidwelo likhale litaoneka kwa miyezi 12. Kuona maso a nkhono n'kudekha; mlungu umodzi wa kutengeka ndi gemu yatsopano si nthenda ai. Bungwelo linanenanso poyera kuti mwa osewera onse, ogwidwa ndi vutoli ndi ochepa.

Madokotala a matenda a maganizo a ku America, m'buku lao la DSM-5 la 2013, anandandalika zizindikiro zisanu ndi zinayi, mwa izo kukwiya ndi kusowa mtendere gemu ikachotsedwa, kunamiza abale, ndi kusewera pothawa chisoni. Ndipo anati munthu akhale nazo zisanu m'chaka chimodzi. Pa maziko amenewa Halley Pontes ndi Mark Griffiths anakonza mu 2015 mafunso asanu ndi anayi otchedwa IGDS9-SF, amene funso lililonse limayankhidwa ndi nambala kuyambira 1 kufikira 5, kotero kuti zonse pamodzi zimagwa pakati pa 9 ndi 45. Mu 2019 Pontes ndi anzake anatulutsa muyeso wina wa mafunso anayi okha, wotsata zizindikiro za WHO, ndipo anauyesa pa osewera a ku China ndi a ku Britain.

Dziko la China likutiphunzitsa zambiri pa nkhaniyi, pakuti boma lake linasankha njira ya maora: mu 2019 linalamula kuti ana osakwana zaka 18 asapitirire mphindi 90 pa magemu a pa intaneti pa tsiku la sukulu, ndipo mu August 2021 linachepetsanso, nkulola ora limodzi lokha, kuyambira 8 koloko kufikira 9 koloko usiku, Lachisanu, Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi cha boma. Koma wokwanitsa zaka 18 lamulolo silimkhudza, ndipo mnyamata wa ku yunivesite, amene ali kutali ndi makolo ake, alibe womletsa koma mtima wake. Ofufuza a kumeneko anamasulira mafunso aja m'chinenero chao ndi kuwayesa pa achinyamata otere.

Pano ndichenjeze amene angafune kugwiritsa ntchito mafunsowa. Kholo lofunsa ndodo ili m'manja lidzalandira bodza, ndipo bodzalo lidzaononga muyeso wonse. Mphunzitsi wofunsa mwana pamaso pa anzake adzalandira matama kapena manyazi. Ena amasakaniza magemu ndi kubetcha, pamene juga ya pa foni, imene imadya ndalama ya nsomba ya tsiku lonse m'kamphindi, ili ndi dzina lake ndi muyeso wakewake. Ndipo nambala yaikulu pa pepala si chigamulo cha dokotala, koma chizindikiro chakuti munthuyo akaonane ndi odziwa.

Tsono inu makolo, aphunzitsi ndi akulu a mpingo, musanatchule mwana kuti watayika, khalani naye pansi mofatsa, mumfunse ngati amatha kuleka pamene wafuna, chimene wasiya chifukwa cha gemu, ndi chimene chaonongeka. Mukapeza kuti zitatuzi zilipo ndipo zakhalitsa, musamtemberere, koma pitani naye ku chipatala cha boma, kapena ku Saint John of God ku Mzuzu, kumene amathandiza anthu ovutika maganizo ndi omangidwa ndi zizolowezi zoipa.