Pampu Ikulira Koma Madzi Akuchepa?

Mlimi wa dimba m'mbali mwa mtsinje wa Likhubula akagula pampu yakale ya injini, n'kumva ikulira ngati muli timiyala, madzi akutuluka ochepa, amati injini yatha. Kawirikawiri vuto si injini ayi.

Pampu ikamakoka movutikira, m'madzimo mumabadwa tithovu timene timaphulikira pa impela, n'kumaidya pang'onopang'ono. Yambani ndi sefa ya kumapeto kwa payipi, poti masamba ndi mchenga wotsika m'phiri la Mulanje zimaitseka msanga. Kenaka tsitsirani pampu kufupi ndi madzi. Ikakwera kupitirira mamita 6, imavutika kukoka. Mangitsani molumikizira monse kuti mpweya usalowe.

Musanalipire, tsegulitsani muone impela. Ikakhala ndi timaenje ngati chimanga chofumbwa, wogulitsayo atsitse mtengo.