NKHANZA NDI KUGWA KWA MWINI NKHANI M'SEWERO LA TSOKA

Sewero la tsoka ndi sewero limene litionetsa munthu wolemekezeka akugwa kufikira imfa cifukwa ca zocita zake. Ophunzira ambiri akafunsidwa za nkhanza m'sewero lotere angowerenga mitembo: uyu anapha uyu, uyo anapha uja. Kutero ndi kuphonya phunziro. Funso loyenera ndi ili: kodi kupha kunamusandutsa munthu wotani iye amene anapha?

Makolo a Acewa anali kulidziwa funso limeneli. Iwo anali ndi dzina la nthenda yogwira munthu wokhetsa mwazi wa mnzake, ndiyo cirope. Anali kunena kuti wopha munthu akapanda kulandira mankhwala, mutu wake usokonezeka ndipo mtima wake ufuna kuphanso. Ganizo limeneli litithandiza kumvetsa sewero la Macbeth, limene William Shakespeare analemba ca m'ma 1606.

Masitepe a kugwa kwa Macbeth

1. Nkhanza yotamandidwa. Sewero liyamba ndi mbiri yakuti Macbeth, kazembe wa nkhondo wa ku Scotland, watumbula mdani wa mfumu Duncan ndi kumudula mutu. Mfumu imuyamika ndi kumukweza pa udindo. Macbeth aphunzira kuti lupanga libweretsa ulemu.

2. Nkhanza yobisika. Mfiti zitatu zimulosera ufumu, mkazi wake amusonkhezera, ndipo iye apha Duncan ali m'tulo. Duncan anali mfumu yake, mbale wake ndiponso mlendo m'nyumba mwake. Wophunzira amene anaonapo mafumu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique akugwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika sadzabvutika kuona kukula kwa mlanduwu. Pa sitepe iyi Macbeth akali ndi cikumbumtima: anjenjemera, ndipo aopa kubwerera kumene kuli mtembo.

3. Nkhanza ya mantha. Pofuna kubisa mlandu woyamba, apha alonda awiri a mfumu. Atalowa ufumu atuma anthu kukapha bwenzi lake Banquo, osamuuza ngakhale mkazi wake. Mzukwa wa Banquo umuonekera pa phwando, ndipo abwebweta pamaso pa nduna zake.

4. Nkhanza yopanda phindu. Macduff atathawira ku England, Macbeth aphetsa mkazi wa Macduff ndi ana ake. Imfa zimenezi sizimuonjezera kanthu. Kupha kwasanduka cizolowezi.

5. Kugwa. Mkazi wa Macbeth, amene poyamba anaoneka wolimba mtima, ayamba kuyenda ali m'tulo akupukuta m'manja mwazi wosaoneka, ndipo amwalira. Mwamuna wake alandira uthengawo ndi mtima wouma. Nduna zimuthawa, Macduff amupha nabweretsa mutu wake kwa Malcolm, mwana wa Duncan.

Onani kuti sewero liyamba ndi mutu wodulidwa ndi Macbeth, nilithera pa mutu wa Macbeth yemwe. Coipa citsata mwini. Onaninso kuti lupanga la Macduff lingotsiriza nchito imene inayamba kale, pakuti Macbeth anali atataya tulo, abwenzi, mkazi ndi cifundo asanataye moyo.

Citsanzo ca kwathu kuno

Mbiri ya Shaka, mfumu ya Azulu, iyenda m'njira yofanana. Nkhondo zinamukweza, ndipo nkhondo za m'nthawi yake ndizo zinasamutsa anthu a Zwangendaba, makolo a Angoni a Mpezeni, amene anaoloka Zambezi mu 1835. Mai wake Nandi atamwalira mu 1827, anthu ambiri anaphedwa pa maliro. Mu 1828 abale ake Dingane ndi Mhlangana anamupha. Mlembi wa muno m'Zambia, Fwanyanga Mulikita, anaika moyo wa mfumuyi m'sewero la Cingerezi lochedwa Shaka Zulu, lofalitsidwa mu 1967.

Kaphunzitsidwe kake ku pulaimale

Ana a ku pulaimale sawerenga Macbeth, koma mfundo yake aimvetsa bwino kupyolera m'nthano ndi m'timasewero topeka okha. Mphunzitsi wa Giredi 6 kapena 7 atsate njira izi:

(a) Asankhe nthano imene muli munthu kapena nyama yogwiritsa nchito mphamvu molakwa, ndipo ana aisandutse sewero lalifupi.

(b) Ajambule makwerero pa bolodi. Pa sitepe iliyonse ana alembe cimene mwini nkhani wacita ndi cimene wataya.

(c) Kumenya ndi kupha kusacitikire pabwalo. Wamthenga afotokoze, kapena ng'oma imveke kuseri. Shakespeare yemwe sanaonetse imfa ya Duncan, anaonetsa manja a wakuphayo. Ana akaona ndeu aseka ndi kuombera m'manja, koma akaona nkhope ya wocita ndeuyo pambuyo pake ayamba kuganiza.

(d) Mipeni, nkhwangwa ndi ndodo zeni-zeni zisalowe m'kalasi.

(e) Mphunzitsi akumbukire kuti ana ena aona nkhanza kunyumba kwao. Asakakamize mwana kutenga mbali imene imusautsa, ndipo asachule banja la munthu aliyense monga citsanzo.

Zocita

1. Fotokozani kusiyana kwa mtima wa Macbeth atapha Duncan ndi mtima wake pophetsa banja la Macduff.

2. Kodi ndi pa sitepe iti pamene Macbeth akadatha kubwerera? Perekani zifukwa.

3. Funsani akulu a m'mudzi mwanu zimene adziwa za cirope, ndipo muziyerekeze ndi matenda a mkazi wa Macbeth.

4. Konzani phunziro la mphindi 40 la Giredi 7 potsata njira (a) kufikira (e).