Forklift ya magetsi kapena ya dizilo: yopindulitsa ndi iti?

Nyengo yokolola ikafika, ku Mtakataka ndi ku Golomoti matumba a chimanga, mtedza ndi mpunga wa kusikimu ya Bwanje Valley amachita kuunjikana. Galimoto ya matani 30 imalowa matumba 600 a makilogalamu 50, ndipo kuwapakira pamutu kumadya nthawi pomwe dalaivala akudikira m'mbali mwa msewu wa M5. Apa ndiye gulu la amalonda kapena kopaletivu yokhala ndi nyumba yosungira katundu imayamba kuganiza za forklift, makina onyamula katundu ndi mano awiri achitsulo. Koma asanatulutse ndalama, ayenera kusankha pakati pa ya magetsi ndi ya dizilo.

Ya magetsi imayendera batire. Pogula imakhala yodulirapo, koma ilibe injini yofuna oilo ndi mafyuluta, choncho siipita kwa makaniko pafupipafupi. Siitulutsa utsi, ndipo izi n'zofunika m'nyumba yotsekeka yosungira zakudya. Mpunga wopuntha ndi ufa zimakoka fungo msanga, ndipo wogula akangomva fungo la dizilo amatsitsa mtengo.

Batire ya asidi imagwira ntchito maola pafupifupi 8 ndipo imafunanso maola 8 potchaja. Imafuna kuthiridwa madzi a batire kawirikawiri, makamaka ndi kutentha kwa m'chigwa muno m'miyezi ya October ndi November. Ya lithium imadzaza msanga koma ndi yokwera mtengo. Matchaja ambiri amafuna magetsi a three-phase, ngati a pachigayo.

Nkhawa yaikulu ndi kuthima kwa magetsi. Ku Golomoti kuli malo opangira magetsi a dzuwa a kampani ya JCM Power, a mamegawati 20, omwe adayamba kugwira ntchito mu 2022. Koma magetsiwo amalowa m'mawaya a Escom opita dziko lonse, kotero kukhala pafupi nawo sikutanthauza kuti sangathime. Ambiri akukumbukira momwe magetsi adavutira namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022.

Ya dizilo ndi yolimba panja. Matayala ake opopa amayenda pa dothi ndi pa miyala, pomwe ya magetsi imafuna pansi pa simenti posalala. Ikatha mafuta, kuthira ena ndi mphindi zochepa chabe, ndipo amakaniko a mathirakitala ndi malole amaidziwa injini yake.

Vuto lake ndi mafuta omwewo. Forklift ya matani 2.5 imamwa malita awiri kapena atatu pa ola, kutanthauza malita 16 mpaka 24 pa tsiku la maola 8. Wamalonda achulukitse malitawo ndi mtengo wa dizilo womwe bungwe la Mera lalengeza, aone ngati phindu la pa thumba lingakwanitse. Akumbukirenso kuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mafuta adakwera nthawi yomweyo, ndipo kumapeto kwa 2024 galimoto zinkagona pamizere kudikira mafuta. Utsi wake nawo ndi woopsa kwa antchito m'nyumba yosapita mphepo.

Makina onsewa sanyamula thumba limodzilimodzi. Amafuna mapaleti, timathandala ta matabwa tosanjapo katundu, ndipo paleti imodzi imanyamula matumba pafupifupi 20. Opanda mapaleti, makinawo angokhala chokongoletsa pabwalo. Pamafunikanso dalaivala wophunzitsidwa, chifukwa forklift yopyoza mulingo wa katundu imagubuduzika.

Funso lomaliza ndi la miyezi yogwira ntchito. Malonda a mbewu amatentha miyezi yochepa pa chaka, ndipo batire ya asidi ikangokhala osatchajidwa imaonongeka, pomwe yatsopano imachokera kunja. Amene ali ndi katundu chaka chonse, pansi pa simenti ndi three-phase, ya magetsi imuthandiza kusunga ndalama. Amene amapakira pabwalo la dothi kwa miyezi itatu yokha, kuli bwino abwereke ya dizilo pa masiku opakirawo.

Kwa wamalonda wa matumba 100 kapena 200, pallet jack, kangolo kokoka ndi manja konyamula matani awiri pa simenti, pamodzi ndi aganyu odalirika, ndi zokwanira. Ndalama ya forklift ikagulire matumba ena.