Ukwati ngwayani, akwati kapena makolo?

Mvula ikangosiya, masamba a tiyi n'kuyamba kuchepa m'minda ya maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje, Loweruka la pa Luchenza limasintha. Galimoto zomangidwa maliboni zimadutsa zikuliza mabelu, amayi ovala nsalu zofanana akuimba pamwamba pa lole, ndipo ana amathamangira kuholo kukasuzumira pazenera. Woonerera amangoti zayenda bwino. Iye sadziwa kuti tsikulo lisanafike anthu adakhalapo miyezi osalankhulana.

Mkangano wake sukhala wachilendo. Mnyamata ndi mtsikana, mwina wina mphunzitsi wina kalaliki wa pa esiteti, amafuna mwambo waung'ono wa anthu owerengeka, mitundu ya nsalu yosankha okha, ndalama zotsalazo agulire katundu wa m'nyumba. Atsibweni amafuna chinkhoswe chichitikire kumudzi, pabwalo, mfumu ikuona. Kumpingo amafuna ukwati ulengezedwe masabata atatu ndipo awiriwo alandire uphungu. Mayi a mtsikana nawo ali ndi mndandanda wawo wa anthu oti aitanidwe, ndipo sungawatsutse mwachisawawa. Iwo akhala akuponya ndalama pa perekaniperekani wa ana a anzawo kwa zaka zambiri, tsono ino ndi nthawi yoti anzawowo abweze.

Vutoli si la kuno kokha. Dziko lomwe kudayambira chizolowezi chomwa tiyi, la China, achinyamata akulimbana ndi funso lomweli, ndipo chodabwitsa n'chakuti tiyi yemweyo ndiye ali pakatikati pa mwambo wawo wa ukwati.

Kwa munthu wa ku Luchenza tiyi ndi ntchito, dengu kumsana m'mawa kukuzizira. Mbewuyi idakhazikika ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890 isanafalikire ku Thyolo komwe esiteti ngati Satemwa idatsegulidwa m'chaka cha 1923. Koma paukwati wa Chitchaina tiyi ndi ulemu. Mkwati ndi mkwatibwi amagwada pamaso pa makolo ndi kuwapatsa kapu ya tiyi ndi manja awiri. Amayambira kwa akuluakulu kutsika m'munsi, osadumpha munthu. Popereka kapuyo mpamene mkwatibwi amaitana apongozi ake kuti bambo ndi mayi kwa nthawi yoyamba pagulu, naye mkwati chimodzimodzi. Kholo likamwa tiyiyo ndiye kuti lamulandira mwanayo m'banja, ndipo limabweza ndi envulopu yofiira ya ndalama yomwe amaitcha hongbao, kapena zibangiri za golide.

Amene adakhalapo pachinkhoswe sangavutike kumva zimenezi. Kwathu kuno ankhoswe a mbali ziwiri amasinthana nkhuku, tambala kuchokera kuchimuna, thadzi kuchokera kuchikazi. Mwamuna amapatsidwa khasu, nkhwangwa ndi chikwanje, mkazi amapatsidwa lichero, mthiko, chipande ndi tsache, aliyense akumbutsidwe zomwe akukalowa. Ngakhale kaseweredwe kamafanana. Kuno amafunditsa atsikana angapo zitenje kuti akuchimuna aponye ndalama mpaka avundukule wawo weniweni. Ku China anzake a mkwatibwi amatseka chitseko ndipo satsegula mpaka mkwati ayankhe mafunso ndi kulowetsa maenvulopu ofiira.

Achinyamata ambiri a m'mizinda ya ku China adapeza njira yawo. Mwambo wa tiyi amausiya momwe uliri, amachitira kunyumba m'mawa atavala zofiira, chifukwa kumeneko kufiira ndi chimwemwe pomwe zoyera kuyambira kale zinali za pamaliro. Madzulo mkwatibwi amasintha, kuvala diresi loyera lomwe amalifuna, phwando n'kuyenda m'mene eni ake akonzera. Makolo apatsidwa ulemu wawo, ana apeza zithunzi zawo. Diresi loyeralo, lomwe ena kuno amaliyesa lamulo la Mulungu, nalonso ndi mwambo wa eni ake. Lidatchuka Mfumukazi Victoria ya ku Britain italivala paukwati wake m'chaka cha 1840, ndipo kuno lidabwera ndi amishoni.

Apa mpamene pali poyambira kwa amene akukonza ukwati pa Luchenza. Pali zinthu zomwe zimamanga banja, ndipo pali zokometsera chabe. Unkhoswe uli m'gulu loyamba. Nkhoswe si munthu wongodzadya nkhuku tsiku limodzi ayi. Ndi iye amene adzadzutsidwe usiku banja likayaka moto, ndi iye wodzauzidwa matenda ndi maliro, ndiponso wodzaimirira pabwalo la mfumu kapena kukhoti zinthu zikafika poipa. Banja lolowana popanda ankhoswe limayenda bwino pomwe kuli mtendere, koma tsiku la mavuto mkazi amapezeka alibe pothawira, ndipo mwamuna akamwalira abale amatha kunena kuti mayiyu sitimudziwa.

Zokometsera ndiye zachuluka. Zaka zapitazi kwabwera bridal shower, kwabwera send-off, chinkhoswe chenichenicho chidasamukira muholo ndi zokuzira mawu, wojambula kanema ndi woyendetsa mwambo wolipidwa. Mwambo uliwonse uli ndi nsalu yake yoti abale agule ndi kusoketsa. Ena mwa omwe amakakamira zonsezi amati akuteteza chikhalidwe, chonsecho agogo awo sadaonepo keke ya nsanjika. Mtsikana wokana send-off sadanyoze mwambo wa Chilhomwe. Wangokana ndalama zina zoti ziwonongeke.

Ndalamazo ndiye nkhani yaikulu. Kuno ntchito yothyola tiyi imachuluka nyengo ya mvula, kuyambira cha mu Disembala mpaka cha mu Epulo, pomwe maukwati ambiri amachitika m'chilimwe anthu atakolola, nthawi yomwe aganyu ambiri a m'maesiteti amakhala atapumitsidwa. Kuwonjezera apo, namondwe wa Freddy adasakaza mabanja ambiri m'maboma a Thyolo, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023, ndipo mu Novembala chaka chomwecho kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Komiti ya ukwati ikakhala pansi n'kuwerengera kuti perekaniperekani adzabweza zonse, imakhala ikutchova njuga ndi tsogolo la ana a eni. Ndalama zikapanda kutuluka a komiti amabalalika, ngongole n'kutsalira awiri aja, ena mpaka kukagwira katapila sabata yoyamba ya banja.

Ku China zinthu zidafika poti boma lilowererepo. Kumeneko akuchimuna amapereka chuma kwa makolo a mkazi, chomwe amachitcha caili, ndipo m'madera ena akumidzi mtengo wake udakwera mpaka mabanja kugwa m'ngongole zazikulu. Mwamuna amayembekezekanso kukhala ndi nyumba, kawirikawiri ndi galimoto yomwe. Malamulo awo omwe adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2021 amaletsa kulipitsa chuma mokakamiza pogwiritsa ntchito ukwati, ndipo mu Febuluwale 2024 khoti lalikulu la dzikolo lidayamba kutsatira ndondomeko yatsopano yoweruzira milandu ya anthu ofuna kubwezeredwa caili banja likatha. Ngakhale zili choncho achinyamata ambiri akuzengereza kukwatira. M'chaka cha 2013 maukwati olembetsedwa adaposa 13 miliyoni, koma mu 2024 adangopitirira pang'ono 6 miliyoni. Zifukwa zake n'zambiri, kuphatikizapo kuchepa kwa achinyamata, koma kukwera mtengo kwa ukwati ndi chimodzi mwa zomwe zimatchulidwa kawirikawiri.

Pa nkhani ya chuma imeneyi mpamene mwambo wa kuno ndi wa ku China zimasiyana kwambiri. Alhomwe, omwe ambiri adalowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, n'kugwira thangata m'maesiteti omwewa, amatsata kuchikazi, monganso Amang'anja. Salowola. Mwamuna ndiye amapita kukamanga kwawo kwa mkazi, kukhala mkamwini, ndipo mwini mbumba ndi mtsibweni. Ku China mwachikhalidwe mkazi ndiye amalowa m'banja la mwamuna, ana n'kutenga dzina la bambo.

Kusiyanaku sikulinso nkhani yakutali. Chikhazikitsireni ubale wa Malawi ndi China mu Disembala 2007, Atchaina ambiri abwera kudzachita malonda ndi kumanga, ndipo ophunzira a ku Malawi akhala akupita kusukulu zaukachenjede za kumeneko. Kumene anthu amakumana chikondi sichilephera. Tsiku loti mnyamata wa Chitchaina afunsire mbeta pa Luchenza, makolo ake akhoza kudabwa kuti bwanji akuchikazi sakutchula mtengo, mwinanso kuganiza kuti akunyozedwa, pomwe atsibweni a mtsikana akudikira kumva kuti nkhoswe wake ndani ndipo ana adzakulira kuti. Komatu sipafunika kupita ku Beijing kuti munthu aone zotere. Mtsikana wa Chilhomwe wokwatiwa ndi Mtumbuka wa ku Rumphi, Mngoni wa ku Mzimba kapena Msena wa ku Nsanje amakumana ndi funso lomwelo la malowolo ndi la kumudzi kwa ana. Zimenezi zikapanda kukambidwa chinkhoswe chisanachitike, zimadzatulukira pamaliro.

Funso la kokakhala ndi lomwe achinyamata amalipewa, chifukwa ndi losavuta kukangana za mtundu wa maluwa kusiyana ndi kuuza apongozi kuti sitidzamanga pano. Malo ku Thyolo ndi ochepa, gawo lalikulu lili m'manja mwa maesiteti, ndipo mabanja ambiri atsopano amachita lendi pa Luchenza, pa Bvumbwe kapena ku Limbe. Komabe akuchikazi amayenera kuuzidwa bwinobwino, ndipo ngati mwamuna akufuna kutenga mkazi kupita naye kwawo pachitengwa, pali njira yake yopemphera kudzera mwa ankhoswe.

Lamulo nalo lili ndi mawu. Lamulo la maukwati lomwe Nyumba ya Malamulo idavomereza m'chaka cha 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wa pachikhalidwe, wa kumpingo kapena kumzikiti, komanso wa anthu omwe akhalira limodzi nthawi yaitali mpaka kudziwika ngati banja. Lidaikanso zaka 18 ngati msinkhu woyambira banja, zomwe zidatsindikizidwa posintha malamulo aakulu a dziko mu 2017. Choncho chinkhoswe chochitika moyenera ndi ukwati pachokha, si chiyambi chabe cha ukwati monga ambiri amaganizira. Koma mitundu ya maukwatiyi siyofanana pa zonse. Ukwati wa kwa DC ndiwo lamuloli limanena mosabisa kuti munthu akhale ndi mkazi kapena mwamuna mmodzi yekha. Mtsikana amene akusankha komangitsira ukwati wake akusankha zambiri kuposa malo ojambulitsira zithunzi.

Mabanja ena tsopano akuphatikiza. Chinkhoswe chimachitikira pakhomo Lachisanu, ankhoswe ndi abale apafupi okhaokha, nkhuku zisinthanidwa, thobwa limwedwa, mawa lake kutchalitchi kenako kuholo. Abale ochokera kutali amayenda ulendo umodzi, nsalu imakhala imodzi, ophika amasonkha moto kamodzi. Amene amadandaula kwambiri ndi atelala.

Chatsala ndi tsiku. Atchaina ena amafunsa kalendala yawo yakale kuti apeze tsiku lamwayi, amapewa nambala 4 chifukwa katchulidwe kake kamafanana ndi mawu oti imfa, ndipo amakonda 8, n'chifukwa chake pa 8 Ogasiti 2008 maofesi olembetsa maukwati adadzaza. Pa Luchenza kalendala yoti munthu ayang'ane ndi ina. Mu Okotobala, mwezi womwe maukwati amachuluka, kumakhalanso chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe pa Chonde, pafupi pomwepa. Woika ukwati kumapeto a sabata imeneyo asadabwe kuona malole onse atahayidwa kale, oimba ng'oma ali kutchopa, ndipo atsibweni akufika kuholo keke itadulidwa.