Ana aphunzire zapamunda agogo akadali moyo

Mukayenda m'midzi ya ku Domwe, Ulongwe ndi Tsangano anthu atangokolola, mudzaona kuti pamakomo ambiri palibenso nkhokwe. Chimanga chimatonoledwa msanga, nkuthiridwa mankhwala ogula, nkusungidwa m'matumba kuchipinda chogona. Eni ake amati akuopa akuba ndi anankafumbwe, ndipo sakunama. Koma mukafunsa mnyamata wa pakhomopo ngati angathe kuluka nkhokwe, amangoseka nkukulozerani agogo ake.

Aka sikoyamba kuti luso la pamunda lifune kutithawa. Nthawi ya nkhondo anthu oposa 1 miliyoni a dziko lino anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a kuno kwathu anangodumpha malire kupita ku Dedza ndi ku Ntcheu. Kumeneko ana anakula akudziwa kuti ufa, nyemba ndi mafuta zimabwera pagalimoto, munthu nkukalandira ndi khadi. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera, makamaka mu 1993 ndi 1994, ndipo anapeza minda ili tchire, makola ali gwaa. Mabungwe anagawa makasu ndi mbewu, koma khasu silibwera ndi nzeru zake. Amene anaimitsanso midzi ndi nkhalamba zimene zinkakumbukira kuti dothi ili nla nyemba, dambo ilo nla dimba. Nkhalamba zimenezo zikutha tsopano, ndipo ana aja ndiwo makolo a lero.

Tiyambe ndi mbewu, chifukwa mpamene pagona moyo wa banja. Mlimi wodziwa sasankha mbewu chimanga chitalowa kale m'nyumba ayi. Amayenda m'munda chisanakololedwe, nkumayang'ana phesi lamphamvu lokhala ndi chisononkho chachikulu chimene makoko ake atseka bwino mpaka kunsonga, chifukwa chotsekuka kunsonga anankafumbwe amalowa chikadali m'munda. Amasankha chapakati pa munda, osati m'mphepete moyandikana ndi munda wa mnzake, kuopa kusakanikirana kwa mitundu. Akatero amachimanga pamwamba pa moto kukhitchini kuti utsi uzichifukiza mpaka mvula itagwa. Potonola amasiya maso a kunsonga ndi a kutsinde, nkutenga apakati. Zonsezi zimatheka ndi chimanga cha makolo. Cha haibulidi nchabwino, chimabereka kwambiri chikalandira feteleza, koma mukabzalanso zimene mwakolola zokolola zimatsika, ndiye chaka chilichonse mumayenera kupita kusitolo ndi ndalama m'manja. Mwana amene sanauzidwe kusiyana kumeneku adzabzala chimanga cha m'thumba la chakudya, kenaka nkumanena kuti wina wamulodzera munda.

Manyowa nawo ali ndi kapangidwe kake: mapesi, masamba, ndowe za m'khola ndi phulusa, kuyala mosanjikiza m'dzenje, kuwaza madzi ndi kutembenuza mpaka zitafumbira. Komabe chaka ndi chaka mwezi wa Seputembala timaona utsi m'minda, anyamata akutentha mapesi pofuna mbewa. Mbewa nzokoma, palibe akukana, koma ndiwo ya tsiku limodzi ikupsereza chakudya cha nthaka cha chaka chonse.

Kumbali ya amayi, ndi atsikana angati lero amene angafutse nkhwani kapena khwanya, kuyanika bwino, nkumanga chikwatu ndi masamba a msuku? Chikwatu chimodzi chimatha kupulumutsa banja mwezi wa Okutobala, pamene ndiwo kumsika zakwera mtengo. Ndi angati akudziwa kusakaniza nyemba ndi phulusa losefa kuti zisafumbwe? Chilala cha 2024 chinationetsa kuti pakhomo pamene pali dimba, mbatata, mfutso ndi nkhuku, njala imafika mochedwa.

Sikuti zonse zakale nzabwino ndipo zatsopano nzoipa. Agogo analibe mankhwala a chitopa, nkhuku zinkangotha mudzi wonse. Lero kuli katemera wodontheza m'diso, dontho limodzi pa nkhuku iliyonse, katatu pachaka: Malichi, Julayi ndi Novembala. Mwana wa sukulu angagwire ntchito imeneyi mosavuta, mwinanso kuposa akulu, chifukwa amatha kulemba tsiku ndi kuwerenga nkhuku. Ndiye pakhomo pamafunika onse awiri, wodziwa kulemba ndi wodziwa dothi.

Vuto lili pa kaphunzitsidwe. Makolo ambiri timatuma mwana kumunda ngati waganyu, kumuuza kuti palira apa, osamuuza chifukwa chake. Kwinanso khasu lasanduka chilango: mwana akalakwa, kalime. Nanga tidabwirenji akakula nkumalota zoyendetsa njinga yamoto kumalire? Kale mwana ankapatsidwa kandime kakekake kumapeto kwa munda ndi kamsoti kamodzi. Zokolola za pamenepo zinali zake, anapiye anali ake, ndipo akabzala mothinana kapena akachedwa kupalira ankaona yekha zotsatira zake popanda womukalipira.

Inu amene muli ndi agogo pakhomo, musadikire kuti adwale. Nkhokwe imakonzedwa chimanga chisanaume m'munda, choncho nsungwi zikamadulidwa chaka chino mnyamata akhale pomwepo, agwire mpeni yekha ndipo ang'ambe yekha, ngakhale yoyambayo ituluke yopendama.